Zilembo Zikamavuta, Vuto Limakhala Pati?

M'kalasi mwathu mwa sukulu ya kwacha munali mayi wina wogulitsa tomato ndi usipa pamsika. Pa ndalama palibe amene akanawapusitsa. Munthu akagula milu itatu n'kupereka K5,000, iwo ankadziwa chenji wogulayo asanatseke n'chikwama chomwe. Koma pa bolodi zinkakanika. Lolemba ankawerenga bwinobwino mawu akuti "bambo", pofika Lachitatu mawu omwewo ankati "dambo". Patatha miyezi isanu, anatseka kope lawo n'kunena chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, musavutike nane. Mutu wangawu sugwira. Anandiuza kale ndili mwana."

Mawuwa anandipweteka, chifukwa si oona. Mutu wosunga ngongole za makasitomala khumi popanda kulemba sungakhale wosagwira. Kuti timvetse chimene chinkawavuta mayiwa, tione kaye mmene kuwerenga kumachitikira.

Kulankhula mwana amaphunzira ali kumsana, popanda bolodi kapena choko. Kuwerenga sikubwera kokha choncho. Ndi luso lopangidwa ndi anthu, ngati kuluka mphasa, ndipo ubongo umafunika kuphunzitsidwa. Tengani mawu akuti "phala". Diso limaona zilembo zisanu. Ubongo umapatsa zilembozo maliwu ake: p ndi h zili pamodzi zimapereka liwu limodzi, ndipo zikakumana ndi a zimapanga "pha". Kenako l ndi a zimapanga "la". Ubongo umasunga "pha" uja kwa kanthawi, n'kumulumikiza ndi "la", ndipo mukangomva "phala" mumtima, mumaona mbale yofuka nthunzi. Mukadumpha h yekhayo mwawerenga "pala", ndipo phala lija lapita. N'chimodzimodzinso "khola" ndi "kola". Wozolowera amachita zonsezi m'kuphethira kwa diso, koma woyamba kumene amaponda sitepe iliyonse payokha, ndipo angathe kupunthwa pa iliyonse.

Kuwerenga kukamavuta, poyamba pofufuza ndi m'maso. Munthu akapitirira zaka 40, maso amayamba kulephera kuona zinthu zazing'ono zapafupi. Ngati mumavutika kulowetsa ulusi pa singano, kapena mumatalikitsa buku kuti muone bwino, pitani kuchipatala akakuyezeni maso. Magalasi owerengera amathetsa vuto limeneli tsiku lomwelo. Makutu nawonso ayezedwe, chifukwa amene samva bwino kusiyana kwa "ta" ndi "tha" sangazilembe mosiyana.

Mayi aja maso awo anali bwino, makutunso anali bwino. Vuto lawo linali pa sitepe yachiwiri ija, yolumikiza chilembo ndi liwu lake. Akatswiri amalitcha dyslexia. Dzinali linaperekedwa mu 1887 ndi dokotala wa maso wa ku Germany, Rudolf Berlin. Mu 1896 dokotala wina wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba za mnyamata wa zaka 14 wochenjera, wodziwa masamu, koma wolephera kuwerenga ngakhale anaphunzitsidwa zaka zambiri. Vutoli lilipo m'mitundu yonse, kwa olemera ndi osauka omwe. Munthu amabadwa nalo, ndipo kawirikawiri limayenda m'magazi. Si ulesi, si kulodzedwa, ndipo palibe mankhwala akumwa, a kuchipatala kapena a kwa sing'anga, olichotsa.

Anthu ambiri amaganiza kuti chizindikiro chake ndi kusokoneza b ndi d basi. Kusokoneza kumeneku pafupifupi aliyense woyamba kumene amakuchita, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Khasu mukalitembenuza kuti liyang'ane kumanzere limakhalabe khasu. Moyo wanu wonse ubongo wazolowera kuti chinthu sichisintha dzina chifukwa chatembenuka. Tsono mukafika m'kalasi mukuuzidwa kuti kamimba kakakhala uku ndi b, kakakhala uko ndi d. Ambiri amazolowera pakapita masabata angapo. Wa dyslexia amachedwa kwambiri, chifukwa muzu wa vuto lake ndi wakuti ubongo umavutika kumasula mawu kukhala timaliwu tating'onoting'ono. Ndinawafunsa mayi aja, buku lili chotseka, kuti, "Amayi, pa mawu akuti khola, chotsani liwu loyambalo muikepo b. Mwapeza mawu ati?" Anzawo anayankha msanga kuti "bola". Iwo anangondiyang'ana. Mawu athunthu ankawamva bwino, koma zidutswa zake zinkawathawa.

Chichewa chimatikomera mtima pang'ono. Tili ndi zilembo za liwu zisanu zokha, a, e, i, o, u, ndipo mawu ambiri amalembedwa mmene amamvekera. Chingerezi sichitero. Komabe tili ndi mapiri athu. Mawu ngati "nkhwangwa", "ntchentche" ndi "mphwayi" amaunjika zilembo zitatu kapena zinayi chilembo cha liwu chisanafike, ndipo pamenepa mpamene wophunzira wotere amagwa ulesi n'kuyamba kungolota mawu.

Njira yothandiza ilipo, ndipo sifuna ndalama. Chilembo chilowe pa makomo angapo nthawi imodzi: diso lichione, pakamwa pachitchule, khutu limve, dzanja lichigwire. Mayi aja anaumba b ndi dongo, n'kumamusisita ndi chala uku akutchula liwu lake. Ankamulemba pamchenga, wamkulu ngati lichero. Chilembo d sitinachikhudze mpaka b atakhazikika, patatha masabata awiri. Maphatikizo tinawalemba pa zitsekerero za mabotolo, "ba" pake, "mbo" pake, ndipo iwo ankazikankha ndi chala kuti zikumane. Tinkawombanso m'manja pa phatikizo lililonse: nyu-mba, kawiri, chi-ma-nga, katatu. Mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri kamodzi pa sabata, chifukwa ubongo wotere umaiwala msanga chimene sunachibwereze.

Apa mpamene pali chovuta chenicheni kwa mphunzitsi. Pulogalamu ya boma ya sukulu za kwacha inayamba m'dziko lonse mu 1986, ndipo mabuku ake amayenda pa liwiro la gulu. Kalasi imakumana masana, anthu atatopa kale ndi kumunda. Mvula ikagwa ambiri amasowa, ndipo wa dyslexia akabwerera pambuyo pa mwezi amapeza zambiri zafufutika. Pamwamba pa izi pali manyazi. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, sangapirire kuchita chibwibwi pa bolodi pamaso pa mpongozi wake. Mphunzitsi amene amamuimika kuti awerenge mokweza asanakonzeke amakhala wamuthamangitsa, ngakhale cholinga chili chabwino. Ndi bwino kukhala naye pambali ena akaweruka, n'kuyamba ndi mawu amene akuwafunadi: dzina lake, mayina a ana ake, mawu a m'buku la banki mkhonde.

Mayi aja anatha chaka ndi miyezi kuti awerenge ndime yaifupi, ndipo mpaka pano amawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Koma ku banki mkhonde anasiya kudinda chala. Amalemba dzina lawo okha.

Inu amene mukuwerenga phunziroli, kapena amene wina akukuwerengerani, ngati mwadzimva m'nkhaniyi, uzani aphunzitsi anu lero lomwe. Ndipo yang'anani ana anu. Ngati mwana wochenjera pa zina akubwereza kalasi chifukwa cha kuwerenga, musamukwapule. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, ndipo ena mwa iwo ali m'sukulu za pulayimale. Pitani kwa ahedi mukafunse kumene mphunzitsi wotere ali pafupi nanu.