Mtovu m'magazi: malire ake amaikidwa bwanji?

Funso: N'chifukwa chiyani akatswiri amadalira magazi poika malire a zinthu zapoizoni?

Yankho: Magazi amayamba kusintha munthu asanamve kupweteka paliponse. Mtovu, umene umapezeka m'mabatire a galimoto, mu penti wina komanso m'fumbi la kumigodi, umasokoneza kapangidwe ka himogulobini, yomwe imanyamula mpweya wabwino m'thupi. Ukachuluka, munthu amachepa magazi. Kupima magazi kumathandiza kuti vuto ligwidwe likadali laling'ono.

Funso: Nanga mlingo wa malirewo amaupeza bwanji?

Yankho: Amafufuza mlingo umene sunasinthe magazi a anthu kapena a nyama zoyeserera. Kawirikawiri amaugawa ndi 10 ngati umboni wachokera ku nyama. Amaugawanso ndi 10 chifukwa matupi athu safanana: khanda, mayi woyembekezera ndi bambo wamphamvu sapirira mofanana.

Funso: Kodi mtovu uli ndi mlingo wosavulaza?

Yankho: Ayi. Bungwe la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi wodziwika kuti ndi wosavulaza. Ku America, bungwe la CDC linaika chenjezo la ana pa mamaikulogalamu 10 pa desilita imodzi ya magazi mu 1991. Linatsitsa kufika pa 5 mu 2012, kenako pa 3.5 mu 2021. Zinadziwika kuti mtovu wochepa kwambiri, wosafika pochepetsa magazi, umawononga kale ubongo wa mwana. Nambala ya chenjezoyo imangosonyeza ana ofunika kuwathandiza msanga.

Funso: Kodi nkhaniyi ikutikhudza kuno?

Yankho: Kwambiri. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma dothi likadali ndi poizoniyo. Ana ambiri okhala pafupi ndi mgodiwo apezeka ndi mlingo woposa mamaikulogalamu 45 pa desilita, pamene madokotala amayamba kupereka mankhwala ochotsa mtovu m'thupi.

Funso: Kholo lingachite chiyani?

Yankho: Sambitsani ana m'manja asanadye. Kolopani m'nyumba m'malo mosesa pouma. Musaswe kapena kusungunula mabatire akale pakhomo. Amene amagwira ntchito yokonza mabatire asinthe zovala asanalowe m'nyumba. Ana azidya nyemba, masamba obiriwira ndi usipa kapena kapenta, pakuti thupi losowa ayironi ndi kashiamu limayamwa mtovu wambiri. Ngati mukukhala pafupi ndi mgodi, kapimitseni mwana magazi ngakhale akuoneka wathanzi.