Kodi ndisiye choko kuti ndizilembera andale?

A Mlangizi,

Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya boma kuno ku Mfuwe, m'boma la Mambwe. Mkulu wina amene akufuna kudzaimira uphungu wa Malambo wandipempha kuti ndizimulembera zokayankhula pamisonkhano komanso kumulangiza. Akuti akapambana adzanditenga ku Lusaka. Kulemba ndimakukonda kuyambira ndili mwana. Kodi ndisiye uphunzitsi?

Mphunzitsi, Mfuwe

Aphunzitsi,

Musasiye ayi. Ntchito mukuikhumbayo ilipodi ndipo ndi yabwino, koma imatha tsiku limene bwana wanu wachoka pampando. A Dickson Jere anali mtolankhani asanayambe kuthandiza Pulezidenti Rupiah Banda pankhani zofalitsa mu 2008. A Banda atagonja kwa a Michael Sata mu Sepitembala 2011, ya a Jere ku State House inathera pomwepo. Mwayi wawo unali woti anali ndi pogwira pawopawo: analemba buku lotchedwa Inside the Presidency, ndipo lero ndi loya. A Levy Ngoma, amene a Hakainde Hichilema anawasankha kukhala mlangizi wawo pa zandale atalowa m'boma mu 2021, anali atakhalapo kale phungu wa Sinda. Awiri onsewa anapita ku State House atapanga kale dzina.

Lonjezo la ku Lusakalo mulifunse bwino. Ogwira ntchito mu ofesi ya phungu m'dera amalembedwa ndi Nyumba ya Malamulo, osati ndi phunguyo. Nanga inu adzakulipirani kuchokera m'thumba liti? Kumbukiraninso kuti wogwira ntchito m'boma saloledwa kuchita ndale za chipani poyera, choncho simungamati m'mawa m'kalasi, masana pamsonkhano wa kampeni. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si malipiro, koma zimene adzafune kuti mulembe. Inu mukudziwa chimene chimasowetsa anthu tulo kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya ndi kwa Nsefu: njovu zochokera ku South Luangwa zimatha munda wa chimanga usiku umodzi, nthawi zina n'kupha munthu. Woimira aliyense amafuna kuuza anthu kuti akamusankha vutoli latha, ndipo m'manja mumaombedwadi. Koma za nyama zili m'manja mwa nthambi ya boma ya DNPW, yomwe inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016, ndipo phungu sangailamule. Mlangizi weniweni ndi amene amatha kuuza bwana wake kuti, "Izi musanene, simungazikwanitse," kenako n'kumupatsa zimene anganene moona: kukankha nkhaniyo ku Nyumba ya Malamulo, kutsata mmene mabodi a anthu a m'midzi oyang'anira zachilengedwe (ma CRB) akugwiritsira ntchito gawo la anthu pa ndalama za nyama, ndi kuyang'anira thumba la chitukuko cha m'dera lotchedwa CDF. Thumba limenelo linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022. Wolembera phungu ayenera kudziwa kuti ndalamazo zimadutsa kuti, kuyambira ku komiti ya chitukuko ya wadi mpaka ku khonsolo. Bwanayo akanama ndi mawu anu n'kupita ku Lusaka, wotsala kumayang'anizana ndi makolo a ana mumawaphunzitsawo ndinu.

Luso lanulo musalikwirire. Zolembera munthu kuti akayankhule zimasiyana ndi chimangirizo cha m'kalasi, chifukwa womvera sabwerera m'mbuyo kuti amvetse. Muziwerenga mokweza chilichonse mwalemba, ndipo mpweya ukakutherani pakati pa chiganizo, chiduleni. Pitani ku mwambo wa Malaila mukamvetsere mmene akuluakulu a Akunda amayalira nkhani pamaso pa mafumu, ndani amatchulidwa poyamba, ndipo dandaulo amalipereka bwanji mwaulemu. Zimenezo mlembi wa ku Lusaka sazidziwa, pamene inu mwakulira momwemo.

Yambirani pamene palibe chipani: lemberani komiti ya makolo pasukulu panu, thandizani a wadi kulemba mapempho a CDF, tumizani nkhani ku Breeze FM ku Chipata. Mukapeza mpata, chitani maphunziro a utolankhani kapena a zamalamulo muli pantchito pomwepo. Mkuluyo muyankheni mwaulemu kuti panopa simungathe. Ngati luso lanu akulifunadi, akapambana adzabwere ndi kalata yonena ntchito ndi malipiro, ndipo mudzandilemberenso tidzaione limodzi.

Mlangizi