Mauthenga osapemphedwa pa foni: mafunso amene ambiri amafunsa

Kodi anthu otumiza mauthengawa nambala yanga anaipeza kuti?

Nthawi zambiri sakudziwani n'komwe. Nambala zambiri za TNM zimayamba ndi 088, za Airtel ndi 099, ndiye munthu amangosinthasintha manambala otsalawo n'kumatumiza mwachisawawa. Ena amatola nambala m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, pomwe timazisiya poyera tikamatsatsa malonda.

Amapindulanji, poti ambirife timangofufuta?

Apa ndiye pagona nkhani. Kutumiza uthenga kwa anthu ochuluka n'kotchipa kwambiri, moti mmodzi yekha akakodwa, ndalama ya bandulo yabwerera ndi phindu pamwamba. Uthenga uja woti ndalama ija mutumize pa nambala ina chifukwa yakale ili ndi vuto sukusaka inu ayi. Ukusaka munthu amene tsiku lomwelo akufunadi kutumiza ya lendi, ya fizi kapena chipepeso cha maliro, ndipo ali pachangu. Pagulu la anthu masauzande, wotere sasowa.

Ndiye ndiwayankhe mowalalatira?

Ayi, ngakhale mtima ukuwawa. Mukayankha, mwawauza kuti nambalayi ili ndi mwini wake ndipo amawerenga. Blokani basi. Pa imelo, dinani batani la spam m'malo mongofufuta, chifukwa potero mukuphunzitsa makina osefa kuzindikira makalata ofanana nawo. Linki yosadziwika musaitsegule, ngakhale yolonjeza kuti akuchotsani pamndandanda.

Wina wandiimbira kuti wanditumizira ndalama molakwitsa. Nditani?

Musabweze kanthu musanaone balansi yanu nokha. Uthenga weniweni wa Airtel Money kapena Mpamba umabwera ndi dzina la kampani, osati kuchokera pa nambala ya munthu wamba. Ngati ndalama yalowadi, muuzeni mwini wakeyo aimbire kampani kuti ndiyo ibweze. Akayamba kulira, kapena kukulamulani manambala oti mudine ali pa foni pomwepo, dulani. PIN siuzidwa kwa munthu aliyense, ngakhale wodzitcha wogwira ntchito kukampaniko.

Kodi vutoli ndi la kuno kokha?

Kutalitali. Mu 1978, Gary Thuerk wa kampani ya Digital Equipment Corporation ku America anatumiza uthenga wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 pa ARPANET, kholo la intaneti, ndipo olandira anakwiya ngati momwe timakwiyira lero. Mu 2004, Bill Gates ananena ku Davos kuti vutoli litha m'zaka ziwiri. Tikudikirabe.

Nanga si tinalembetsa masimu khadi mu 2018? Bwanji sizinathe?

Kulembetsako, komwe bungwe la MACRA linalamula, kumathandiza pokhapokha dzina la pa nambala likhale la amene akuigwiritsa ntchito. Akuba amalembetsa ndi zitupa za anthu ena, kapena kugula simu khadi yolembetsa kale. N'chifukwa chake musamabwereke mnzanu chiphaso chanu kuti akalembetsere nambala yake; ikadzapalamula, apolisi adzayambira pakhomo panu.

Ndikaberedwa, kukadandaula kuli ndi phindu?

Lilipo, koma liwiro ndilo limaweruza. Imbirani kampani ya foni nthawi yomweyo, ndalama isanatapidwe, kenako pitani kupolisi. Uthengawo musaufufute: nambala, nthawi ndi mawu ake ndiwo umboni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016 limapereka mphamvu zozengera milandu yotere. Chimene chimawatchinjiriza kwambiri akubawa ndi manyazi a oberedwa, amene amangokhala chete poopa kusekedwa.