Nyumba Ndapeza, Nanga Galimoto Igona Kuti?

MUULUTSI: Lero tikukamba za nyumba za lendi, ndipo katswiri wathu ali nafe muno. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina, namwino, yemwe wasamutsidwa kuchoka ku Blantyre kupita ku Balaka. Akuti: "Ndili ndi ka Toyota Sienta. Ndafunsa pa Facebook, koma akungonditumizira nyumba za mdadada zopanda mpanda. Ndichite bwanji?"

KATSWIRI: Zikomo mayi. Pa boma laling'ono nyumba yabwino siifika pa Facebook. Imatengedwa mwini wake asanamalize n'kupenta komwe. Yambani ndi munthu amene mukukamulowa m'malo kuchipatalako, mumufunse kuti nyumba yomwe akutulukamo akusiyira yani. Kenako funsani kutchalitchi kapena kumzikiti, ndiponso anyamata a kabaza, chifukwa iwowa amadziwa geti iliyonse ya m'tauni. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, lili ndi nyumba zambiri m'mizinda ikuluikulu, koma m'maboma n'zochepa, ndipo wolowamo satuluka msanga. Lembetsani ndithu, koma osakhala pansi kudikira.

Tsono chimene ambiri amaiwala ndi njira. Munthu amaona mpanda wa njerwa, bwalo lalikulu, n'kulipira pomwepo. Mayi, pitani ndi galimoto yanuyo mukailowetse pagetipo nokha. Mageti ena anawamanga poganizira njinga ndi wilibala. Sienta ndi yotsika, ndipo Balaka ndi malo athyathyathya, madzi sathawa msanga. Msewu womwe mwauona uli fumbi lokhalokha mu Okutobala, kuyambira Disembala mpaka Malichi ukhoza kukhala matope oti galimoto muziisiya kumsewu wa tala. Za zimenezi musafunse alandilodi, iwo akufuna munthu wolowa. Funsani mayi wogulitsa tomato pafupi pomwepo. Muyang'anenso m'munsi mwa mpanda, chifukwa madzi akamaima amasiya mzere pakhoma.

MUULUTSI: Bambo wina wa ku Dedza akuti ejenti wawauza kuti atumize kaye ndalama pa Airtel Money kuti awasungire nyumba yokhala ndi galaja, poti ofuna ndi ambiri.

KATSWIRI: Musatumize, bambo. Onani nyumbayo, kumanani ndi mwini wake maso ndi maso, ndipo aneba atsimikize kuti ndi yakedi. Ejenti amalandira zake mukagwirizana. Akakuuzani kuti ena atenga lero lomwe, asiyeni atenge.

MUULUTSI: Yomaliza ndi ya mphunzitsi wa ku Mchinji. Akukhala mumpanda umodzi ndi mabanja ena atatu. Alandilodi akufuna ndalama yapadera ya malo a galimoto, komabe sabata yatha batire ya galimoto yawo inabedwa usiku. Akufunsa kuti alipire ndani.

KATSWIRI: Pepani aphunzitsi. Funso langa ndi lakuti, munalemberana chiyani? Ngati ndalamayo ndi ya malo okha, alandilodi adzanena kuti iwo si alonda, ndipo kuwatsutsa n'kovuta. Ngati ndi ya mlonda, ndiye pali poyambira. Nkhani ya batireyo kaneneni kupolisi. Koma musanaperekenso lendi ina, khalani pansi mulembe: galimoto iziima pati, makiyi a geti asunga ndani, geti imatsekedwa nthawi yanji, mlonda akumulipira ndani. Nonse musaine, pakhale mboni, aliyense atenge pepala lake.

Pali kanthu kena komwe kamayambanitsa anthu m'mipanda yotere kuposa akuba: madzi. Ngati mita ya Central Region Water Board ndi imodzi ndipo bilu mumagawana, inu n'kumatsuka galimoto Loweruka lililonse, anzanuwo sakhala chete. Gwirizanani zoti muzionjezerapo, apo ayi kaitsukitseni kwina.

Ena amagoneka galimoto pamalo omwetsera mafuta n'kumapatsa mlonda kangachepe. Zimathandiza, koma kambiranani ndi mwini malowo kapena bwana wa mlondayo, chifukwa mlonda akhoza kusiya ntchito mawa, ndipo watsopanoyo sakudziwani.

MUULUTSI: Nthawi yatithera. Amene makalata anu sitinawerenge musadandaule, tiwayankha sabata yamawa. Polemba, tchulani boma lomwe muli ndi mtundu wa galimoto yanu.