Dimba Kuseri kwa Nyumba ya pa Laini

Sabata yatha pa gulu lathu la maphunziro tinkakambirana za ntchito ya utumiki, ndipo mayi wina anafunsa funso limene linatikhazika chete. Anati nyumba tikukhalazi ndi za kampani, ntchito ikatha timapereka kiyi n'kumapita, ndiye munthu n'kuvutikiranji kudzala chinthu pamalo poti si pako? Tsiku lija sitinawayankhe bwino. Kapepala aka kabwerera ku funso lomwelo. Tiwerenge mosinthana, ndime imodzi munthu mmodzi, monga timachitira nthawi zonse.

Tiyambe ndi zimene maso athu amaona. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'ma 1890, kenako anafika kuno ku Thyolo, ndipo esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Malo ambiri abwino analowa m'maesiteti, pomwe anthu anapitiriza kuchuluka: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma lino lokha. Minda itachepa, anthu anakwera phiri. Akuluakulu amakumbukira Phiri la Thyolo lili ndi nkhalango yoti masana munkachita mdima. Lero mbali yaikulu ndi minda. Kuli kambalame kamene akatswiri anakatcha Thyolo alethe, kutengera dzina la phiri lomweli. Kamafuna nkhalango yowirira, ndipo kuno katsalira m'tizigawo ta mitengo yachilengedwe monga timene tinasungidwa ku Satemwa.

Sitikunena izi kuti tiloze wina chala. Ambiri mwa ife tinasenzapo mtolo wa nkhuni za m'phirimo, ndipo amene analimamo anapita chifukwa cha njala. Koma mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwa, tinaona madzi ofiira akutsika m'matsitso opanda mtengo, kutenga dothi ndi mbewu zomwe. Nthochi zimene Thyolo ankadziwika nazo zinali zitatha kale ndi matenda a chisaka. N'chifukwa chake ndiwo zamasamba, zimene amayi athu ankangothyola kuseri, lero timagula pa mulu, nthawi zina zochokera ku Bvumbwe, ndi ndalama imene tinathyolera tiyi pa mvula.

M'kalata yake yotchedwa Lawh-i-Dunyá, ya mu 1891, Bahá'u'lláh anatchula ulimi pakati pa zinthu zoyendetsera bwino moyo wa anthu. Anautchula pachisanu, koma ananena kuti kufunika kwake kumaposa zimene zinatchulidwa patsogolo. Timaphunziranso kuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira ena imawerengedwa ngati kupembedza. Pali nkhani imodzi imene ikuyandikira kwambiri funso la mayi aja. 'Abdu'l-Bahá anagula malo m'mudzi wa 'Adasiyyih, kufupi ndi mtsinje wa Jordan, n'kuikapo mabanja a alimi ochokera ku Iran. Anthuwa ankalima malo osakhala awo. Malowo anali a minga ndi malungo. Iye anawalangiza kusinthasintha mbewu, kudzala zipatso, kudzala bulugamu m'zithaphwi kuti madzi aphwe, ndiponso kusunga zotsala. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, njala itavuta ku Haifa ndi ku 'Akká, tirigu wa alimi amenewa anadyetsa anthu a zipembedzo zonse. Tiime pano pang'ono tifunsane: alimi aja akanadikira kuti malo akhale awo kaye, tirigu uja akanachokera kuti?

Komabe nkhawa ya mayi aja ndi yoona, ndipo nkhani yabwino payokha siithetsa. Wina anadzalapo mapapaya kuseri kwa laini, ntchito n'kutha asanadyeko ndi limodzi lomwe. Ndiye tiganize za dimba loti likhoza kusamuka.

Tengani thumba la makilogalamu 50, lochapa bwino. Lisakhale limene munali mankhwala opopera, ndipo zigubu za mankhwala otere tisatungiremo madzi ngakhale zitatsukidwa kangati. Sakanizani dothi lapamwamba magawo awiri ndi manyowa owolerana gawo limodzi. Dothi lathu lofiirali n'lowawasa. Tiyi amalikonda choncho, koma mpiru ndi repu sizikondwa nalo, motero onjezani manja awiri kapena atatu a phulusa la kukhitchini. Pakati pa thumba imikani chitini chochotsa pansi, dzazani timiyala, thirani dothi mozungulira, kokani chitinicho m'mwamba, n'kubwereza mpaka thumba lidzale. Mzere wa miyalawo ndiwo utsitsa madzi mpaka pansi. Boolani timabowo m'mbali, motalikirana ngati chikhatho, n'kulowetsamo mbande. Pamwamba mukhoza kuika anyezi kapena tomato mmodzi.

Ife pamene tinayesa koyamba tinalakwitsa ziwiri. Tinaika ndowe ya nkhuku yaiwisi, mbande zonse n'kupsa. Ulendo wachiwiri nkhuku za aneba zinamaliza m'mawa umodzi, ndipo mawu amene anatuluka tsikulo sanali a pa gulu la maphunziro. Mpanda wa mapesi kapena nsungwi uyambe, mbande zibwere pambuyo.

Za madzi, mpopi wa pa laini ndi wa tonse, ndipo munthu wothirira dimba anzake ali pamzere wa madzi akumwa akudzala udani. Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi otsukuluzira mbale ndi okwanira thumba limodzi kapena awiri. A sopo wambiri asapite pa masamba. Phimbani pamwamba ndi udzu wouma kuti chinyezi chikhalitse. Miyezi ya Juni ndi Julaye chiperoni chimatithandiza chokha. Ndipo bonongwe, chisoso ndi luni zikamera zokha, musazule: sizifuna mbewu ya m'sitolo, ndipo tizilombo sitizivutitsa ngati repu.

Mtengo sungalowe m'thumba, n'zoona. Koma nazale ikhoza. Timachubu tochepa ta mbawa, mapeyala kapena gilisidiya timakwana pansi pa khonde, ndipo mvula ikayamba mbande zipite kumudzi, kusukulu, kapena m'mbali mwa mtsinje monga Nswadzi, titagwirizana ndi amfumu. Amene ali ndi kamunda kotsetsereka adzale udzu wa vetiva m'mizere ya akalozera ndi nandolo pakati pa chimanga. Mu 1922 ku Kenya, Richard St. Barbe Baker, amene pambuyo pake anakhala Mbahá'í, anayambitsa gulu la Watu wa Miti pamodzi ndi mfumu Josiah Njonjo. Anali anthu wamba olonjeza kudzala ndi kusamala mitengo chaka ndi chaka. Kusamalako ndiye kovuta. Kudzala tonse timadzala, chithunzi n'kujambulidwa, koma pofika Okutobala ndani amapita ndi ndowa?

Chinthu china tisachilumphe. Tisanaimike thumba kapena mpanda, tikalankhule ndi oyang'anira nyumba za pa esiteti, mwaulemu ndiponso tili gulu, tifotokoze kuti sitikumba ngalande kapena kusunga madzi oswetsa udzudzu. Tiitanenso aneba a mpingo uliwonse ndi a ku mzikiti, poti nkhuku ndi mpopi n'za tonse.

Tisanatseke ndi pemphero, tikambirane izi. Ngati mmodzi wa ife ntchito yatha nyengo yothyola ikadutsa, matumba ake apite naye kapena atsalire wolowa m'nyumbamo? Ndani pa laini yathu amene sangathe kunyamula dothi, woti achinyamata achisodzera akamukonzere thumba loyamba? Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi thumba limodzi, chitini ndi phulusa la masiku atatu. Mayi amene anafunsa funso aja avomera kuti tiyambire kuseri kwa nyumba yawo.