Phunziro la kompyuta: Spark ndi mabuku a ndalama a pa intaneti

Makampani ambiri anasiya kulemba maakaunti m'mabuku a mapepala. Amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga Xero ya ku New Zealand kapena QuickBooks Online, omwe amasunga zonse pa makompyuta akutali ofikiridwa pa intaneti. Ndiyo cloud imene mumamva ija.

Nanga kampani ikafuna kuyerekeza maakauntiwo ndi malisiti mamiliyoni a m'masitolo ake? Pamenepo imafuna Apache Spark. Pulogalamuyi inayambira pa yunivesite ya California ku Berkeley mu 2009, ndipo imagawira makompyuta ambiri ntchito imodzi yaikulu. Maakaunti imawafikira kudzera m'kapulogalamu kolumikizira, monga ka JDBC, ndipo funso limalembedwa mu SQL.

Ophunzira gwirani mfundo iyi: Spark siyamba ntchito mukangolemba funso. Imadikira mpaka mutapempha yankho, kenako n'kukonza njira yachidule. Mukafunsa ngongole zosalipidwa za mwezi wa Malichi zokha, imatha kutumiza sefayo komwe kuli mabuku, n'kulandira mizere yofunikayo basi. Mukafunsa mwachisawawa, imakoka buku lonse, pomwe Xero imangolola mapempho 60 pa mphindi. Mudzadikira mpaka kutopa.

Chinanso, ndalama muzizisunga ngati decimal, osati float. Tayesani mu Python: 0.1 + 0.2 imatulutsa 0.30000000000000004. Kachidutswa kameneka n'kosaoneka ndi komwe, koma pa mizere mamiliyoni kangachititse kuti mabuku asagwirizane, msungichuma wosalakwa n'kuitanidwa kuti afotokoze.