Katemera wa Ufa Wodzutsidwa ndi Madzi

Mlangizi wa zaumoyo akamabwera kusikelo ya m'mudzi, katemera amakhala m'kabokosi kozizira. Katemera wambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatenthedwa amatha mphamvu, n'kungotayidwa. Nanga magetsi akazima masiku angapo?

Asayansi akufufuza yankho la funsoli. Mankhwala ena, monga insulini ya odwala shuga, ndi mapuloteni. Popanga mankhwalawa, amaweta mabakiteriya m'mathanki akuluakulu. Koma asayansi anaona kuti bakiteriyayo safunika kukhala wamoyo. Amatenga bakiteriya wotchedwa E. coli, n'kumuphwanya, n'kusefa, kuti patsale madzi a m'kati mwake. M'madzimo muli tizida topangira mapuloteni. Akathiramo zopatsa mphamvu ndi malangizo otchedwa DNA, tizidato timapanga puloteni imene malangizowo akunena.

Vuto n'lakuti madziwa sachedwa kuwonongeka. Ndiye anachita zimene amayi amachita ndi nkhwani pofutsa mfutso: kuumitsa kuti zisungike. Amayamba ndi kuundanitsa madziwo, kenako makina amakoka chinyezi chonse, n'kutsala ufa. Ufawo ukathiridwa madzi oyera, ntchito imayambiranso.

Mu 2014, James Collins ndi Keith Pardee ku Boston anaumitsa tizidati pa kapepala. Mu 2016 anapanga kapepala koyezera kachilombo ka Zika, kamene kamasintha kuchoka kuchikasu kukhala kapepo. Mu 2021, gulu la Michael Jewett ku Northwestern University linapanga katemera kuchokera ku ufa wotere m'ola limodzi, ndipo anateteza mbewa zimene anamuyeserapo.

Mdani wamkulu wa ufawu ndi chinyezi. Kampweya konyowa kakangolowa, tizidato timayamba kuwonongeka tsiku lake lisanafike. N'chifukwa chake amasakanizamo mitundu ina ya shuga, monga trehalose, imene imateteza tizidato pouma, n'kutseka botolo kuti mpweya usalowe. Nthawi ya dzinja imavuta kuposa ya chilimwe. Ngakhale mapiritsi a kunyumba kwanu chinyezi chimawaononga. Musawasiye pawindo, pafupi ndi mtsuko, kapena kuwamanga pansonga ya chitenje. Akafumbutuka, ndalama zapita ndipo matenda sachoka.

Katemera wa ufayu akadali m'manja mwa ofufuza, sanafike m'zipatala. Amene mwana wanu akubayidwa lero amafunabe kabokosi kozizira, choncho fikani kusikelo m'mawa dzuwa lisanakwere.